Mabuku Awiri a Kuchipatala



Tsiku limene azakhali anga anakomoka ali pakhonde, tinapeza mabuku awiri a kuchipatala m'chikwama mwawo. Lina linali lakale, lothimbirira, lolembedwa pafupifupi masamba onse. Linalo linali latsopano, lolembedwa tsamba limodzi lokha. Onse awiri anali ndi dzina lawo pachikuto.

Azakhaliwo akhala ndi matenda a shuga komanso BP kwa zaka zambiri. Atatsitsimuka anatiuza mmene bukhu lachiwirilo linabwerera. Mwezi wapitawo anapita kukatenga mankhwala monga mwa nthawi zonse. Anafika m'mamawa, nakhala pamzere mpaka dzuwa litakwera. Atalowa m'chipinda, amene anawapezamo anayang'ana nambala ya shuga ndi kunena, osadzutsa ngakhale mutu: "Amayi, mukutinamiza. Mukudya zimene tinakuletsani. Ngati mukufuna kufa, musamatitayitse nthawi." Azakhali anali atabwera ndi funso lokhudza dzanzi limene ankamva kumapazi. Funsolo anabwerera nalo kunyumba.

Sabata yotsatira anagula bukhu latsopano ndi kupita kukiliniki ina yolipira. Kumeneko anawalandira bwino, anawapatsa mpando, anawafunsa za kunyumba. Koma chifukwa cha manyazi, azakhali sananene kuti akumwa kale mankhwala. Anapatsidwa mapiritsi a shuga, ndipo poona kuti maonekedwe ake ndi osiyana ndi a kwawo aja, anaganiza kuti ndi mankhwala ena. Ankamwa onse awiri. Anali mankhwala amodzi omwewo, glibenclamide, opangidwa ndi makampani osiyana. Shuga anatsika kwambiri m'thupi, anayamba kutuluka thukuta ndi kunjenjemera, kenako anagwa. Tikadachedwa, nkhaniyi bwenzi ili ina.

Sinditchula zipatalazo chifukwa cholinga changa si kuloza munthu chala. Ndikufuna tiganizire limodzi funso limene mabuku awiri aja anandisiyira. Kodi munthu wodwala matenda okhalitsa akulakwa akapita kwa dokotala wina kukafunsa maganizo ena? Nanga mawu a dokotala, kaya ofatsa kaya aukali, ali ndi gawo lanji pa kuchira kwa munthu?

Matenda amene sachoka

Malungo amabwera ndi kupita. Munthu amamwa LA masiku atatu, n'kuiwala nkhope ya amene anamulembera. Koma shuga, BP, mphumu, khunyu ndi kachilombo ka HIV ndi alendo amene amamanga nyumba m'thupi. Wodwala matenda otere amaonana ndi achipatala mobwerezabwereza moyo wake wonse. Choncho ubale wa iye ndi dokotala umafanana ndi wa anthu okhala mpanda umodzi: mawu a lero amakumbukiridwa mwezi wamawa.

Matendawa sali kutali ndi ife. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mogwirizana ndi bungwe la World Health Organization anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse azaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno anali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. Oposa asanu mwa 100 aliwonse anali ndi shuga. Kuyambira 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV mwaulere, HIV nayonso inasanduka matenda amene munthu amakhala nawo zaka zambiri akugwira ntchito ndi kulera ana. Mukayang'ana m'gulu lathu lino lophunzira, ndikukayika ngati mulipo wina amene alibe mbale womwa mankhwala tsiku ndi tsiku.

Tiyang'anenso mbali ya achipatala. Boma la Blantyre lilibe chipatala chachikulu cha boma laokha monga alili maboma ena. Anthu a ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri amayambira ku zipatala zazing'ono za m'madera mwawo, ndipo matenda akakula amatumizidwa ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth, chimene chinatsegulidwa mu 1958 ndipo chimalandiranso odwala ochokera m'maboma ambiri a kum'mwera. Sukulu yathu ya madokotala, imene inkatchedwa College of Medicine, inayamba mu 1991 chabe. Ambiri amene timawatchula kuti adokotala m'zipatala zazing'ono ndi ma clinical officer ndi ma medical assistant, ndipo mzere umene timadandaula nawo ife panja, iwo amauona kuchokera m'kati, tsiku lililonse, nthawi zina mankhwala atatha kufamase. Zimenezi sizilungamitsa chipongwe. Koma munthu wofuna kuweruza mwachilungamo ayenera kuziona.

Kufunsa wina si kupanduka

Ena amamva ngati kupita kwa dokotala wachiwiri ndi kunyoza woyamba. Tinaleredwa kuti wamkulu akayankhula sitibweza mawu, ndipo munthu wovala choyera timamuona ngati wamkulu ngakhale ali wamsinkhu wa mwana wathu. Koma ziphunzitso za Chibahá'í zimatilimbikitsa kufunsa. Mu Kitáb-i-Aqdas, Buku Loyera Koposa limene linavumbulutsidwa ku 'Akká cha m'ma 1873, Bahá'u'lláh amatilamula kuti tikadwala tipite kwa madokotala odziwa bwino ntchito yawo. Ngati lamulo likutchula za kudziwa ntchito, ndiye kuti wodwala ali ndi udindo wofufuza kumene kudziwako kuli. Shoghi Effendi, Mtetezi wa Chipembedzo, m'makalata olembedwa m'malo mwake analangiza okhulupirira kuti asanachitidwe opaleshoni yaikulu afunse madokotala oposa mmodzi. Ndipo mfundo yofufuza choonadi patokha siithera pa nkhani za chipembedzo zokha. Thupi ndi lathu, ndipo wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ngakhale madokotala eni ake amafunsana. Akamazungulira m'mawodi m'mawa, wamkulu ndi wamng'ono amaima pabedi limodzi kukambirana za wodwala mmodzi. Kalata yotumizira wodwala kuchoka ku chipatala chaching'ono kupita ku chachikulu ndi kuvomereza kuti mutu umodzi susenza denga. Munthu amene wamwa mankhwala a BP miyezi ingapo osaona kusintha, kapena amene wauzidwa kuti mwendo wake udulidwe chifukwa cha bala la shuga, sakuchimwa akapempha kuti wina aonenso.

Choncho azakhali anga sanalakwe popita kwina. Cholakwika chinali bukhu latsopano lija. Dokotala wachiwiri sanapereke maganizo achiwiri, chifukwa sanadziwe kuti panali oyamba. Anayankha funso limene linali losakwanira. Apa m'pamene kufunsa maganizo ena kumakumana ndi nkhani ya kukambirana, imene timaiphunzira kwambiri m'Chipembedzo chathu. Pa Bungwe Lauzimu kapena pa Phwando la Masiku 19, kukambirana kumayamba ndi kusonkhanitsa zoona zonse za nkhaniyo, aliyense n'kunena maganizo ake momasuka ndi mwaulemu, kenako onse n'kutsata chimene agwirizana. Mukabisa theka la nkhani, ngakhale anthu anzeru asanu ndi anayi adzagamula molakwika. Chimodzimodzi m'chipinda cha dokotala. Bukhu lakale lija, ngakhale lili ndi zolemba za munthu amene anatikhumudwitsa, ndilo mboni ya thupi lathu.

Kufuna choonadi, kapena kufuna mawu okoma

Pali funso lina lovuta limene wodwala aliyense ayenera kudzifunsa ali yekha: kodi ndikupita kwina kuti ndidziwe zoona, kapena kuti ndipeze wondiuza zimene ndikufuna kumva?

Mawu amene wodwala matenda okhalitsa amalakalaka ndi akuti "muchira, mankhwala musiya". Dokotala woona mtima sangamuuze zimenezi pa shuga kapena HIV. Koma pamsika, m'minibasi ndi pa WhatsApp pali ambiri okonzeka kumuuza. Akuluakulu pakati pathu akukumbukira chaka cha 1995, pamene anthu miyandamiyanda anakhamukira kufupi ndi Liwonde m'boma la Machinga kukamwa mchape wa a Billy Chisupe, amene ankati maloto anawasonyeza mtengo wochiza Edzi. Anthu amenewo sanali opusa. Pa nthawiyo chipatala chinalibe mankhwala owapatsa, ndipo kumeneko kunali wina wowalonjeza moyo. Lero mankhwala alipo, koma njala ya mawu okoma idakalipo. Timamva za anthu otaya ma ARV chifukwa wina wawauza kuti achira, ndipo kachilombo kamabwerera mwamphamvu, nthawi zina katasiya kumva mankhwala oyamba aja. Wa khunyu akasiya mapiritsi mwadzidzidzi akhoza kugwa moopsa kuposa kale. Wa BP amamva bwinobwino m'thupi mpaka tsiku la sitiroko.

Ndiye tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene mtima wathu umakonda kuzisakaniza. Kufatsa kwa munthu si umboni woti akunena zoona. Ukali wake nawonso si umboni woti akunama. Amene anakalipira azakhali aja analakwa pa kayankhulidwe, koma nambala ya shuga imene anaona inali yoona. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi. Zimapweteka kuvomereza kuti munthu amene watinyoza akhoza kukhala kuti akulondola, koma kufufuza choonadi kumafuna kuti tilandire kuwala kulikonse kumene kwatulukira. Ngati madokotala awiri kapena atatu odziwa ntchito, ataona bukhu lonse, anena chinthu chimodzi, kupita kwa wachinayi ndi wachisanu kwasanduka kuthawa. Pamenepo chotsala ndi kumvera, monga mmene timamvera chigamulo cha kukambirana ngakhale chitasiyana ndi zimene tinkafuna.

Udindo wa lilime la dokotala

Komabe sindikufuna kuti mtolo wonse ugwere wodwala. Bukhu lachiwiri lija silikadagulidwa pakadapanda mawu aja. Amene anawayankhula mwina anawaiwala wodwala wotsatira asanakhale pansi, koma anatsala pang'ono kupha munthu mofanana ndi kulemba mankhwala olakwika. Pa matenda okhalitsa, dokotala amaona wodwala mphindi zochepa pa mwezi kapena pa miyezi itatu. Masiku ena onse wodwalayo amadzisamala yekha: amasankha yekha kuthira mchere kapena ayi, kumwa piritsi kapena kudumphitsa, kubwerera pa tsiku lolembedwa kapena kukhala kunyumba. Chimene dokotala amamupatsa kuti apite nacho ndi mapiritsi komanso mawu. Munthu wonyozedwa sabwerera, ndipo akabwerera amanena zimene sizingamukalipitse. Motero chipongwe chimatseka njira imene dokotala amadziwira matenda. Ulemu uli m'kati mwa ntchito yochiza yeniyeniyo.

'Abdu'l-Bahá anakamba za zimenezi m'zokambirana za patebulo ku 'Akká pakati pa 1904 ndi 1906, zimene zinasindikizidwa mu 1908 m'buku la Some Answered Questions. Anafotokoza kuti kuchiza kuli ndi njira zakuthupi ndi zauzimu, ndipo kuti chikhulupiriro ndi chiyembekezo chimene wodwala ali nacho mwa womuchiza chimakhudza thupi lake. M'buku lomwelo, atanena kuti bodza ndi khalidwe loipa koposa, anapereka chitsanzo cha dokotala amene amatonthoza wodwala pomuuza kuti akupeza bwino ndipo chiyembekezo chilipo, ngakhale zinthu zisali choncho kwenikweni, ndipo anati dokotala wotere si woyenera kudzudzulidwa, chifukwa chitonthozocho chikhoza kukhala poyambira pa kuchira.

Ndime imeneyi ndakhala ndikuisinkhasinkha, chifukwa m'Buku Loyamba la Ruhi timaphunzira kuti kunena zoona ndiko maziko a makhalidwe onse abwino. Kodi ziwirizi zikugwirizana bwanji? Uku ndi kumva kwanga chabe, ndipo gulu likhoza kuona mosiyana. Chitsanzocho chikukamba za mawu amene cholinga chake ndi kupatsa wodwala mphamvu yolimbana ndi matenda. Sichikuloleza mawu amene angachititse munthu kutaya mankhwala ake, kapena kumubisira chinthu chimene ayenera kuchidziwa kuti asankhe bwino. Mayi wa shuga akauzidwa kuti wachira, amabwerera ku tiyi wa masupuni atatu. Koma pali chiyembekezo china chimene ndi choona: kuti matendawa sachoka koma amagonja, kuti anthu ambiri akukalamba nawo, kuti dzanzi la kumapazi ndi chifukwa choyang'anira mapazi usiku uliwonse ndi kuvala nsapato, kuti shuga wakwera mwezi uno koma tikhoza kuona limodzi chimene chachitika. Luso la dokotala wabwino ndi kupeza, m'kati mwa zoona zowawa, mbali yoona imene wodwala angagwiritse ngati ndodo. Ku Gulupu kuli kiliniki ya Tiyanjane imene imasamalira odwala matenda amene sangachizike. Kukhalapo kwa ntchito yotere kumatikumbutsa kuti chisamaliro sichitha pamene machiritso alephera.

Achipatala amene ali pakati pathu anganene kuti odwala enanso ndi ovuta: amabwera mochedwa, amanama, amatukwana anamwino. N'zoona. Pali nkhani yodziwika ya munthu wina wa ku Afghanistan amene ankakhala ku 'Akká ndipo ankadana ndi 'Abdu'l-Bahá kwa zaka 24. Atadwala, 'Abdu'l-Bahá anamubweretsera dokotala ndi mankhwala. Munthuyo anapereka dzanja limodzi kuti dokotala amuyeze, lina akuphimba nalo nkhope kuti asamuone 'Abdu'l-Bahá. Chisamalirocho sichinaleke. Pomalizira pake munthuyo anadzabwera yekha kudzapepesa. Ntchito yochitidwa ndi mtima wotumikira imawerengedwa ngati kupembedza, ndipo sidikira kuti wotumikiridwayo ayambe wakhala waulemu.

Tikalakwiridwa

Nanga wodwala amene wanyozedwa achite chiyani ndi mkwiyo wake? Chizolowezi chathu ndi kukaufotokoza pachitsime, pamaliro ndi pa Facebook, dzina la munthu n'kulitchula. Bahá'u'lláh analetsa miseche mwamphamvu. Pa nkhani iyi miseche ili ndi choipa china chapadera: mnansi amene wamva kuti pachipatala chakuti pali nkhanza amachedwa kupita, ndipo amafika matenda atakula. Koma kupewa miseche sikutanthauza kumeza chosalungama. Chilungamo n'chokondedwa pamaso pa Mulungu, ndipo chili ndi makomo ake. Pachipatala chilichonse pali woyang'anira. M'zipatala za boma munakhazikitsidwa ma Hospital Ombudsman olandira madandaulo a odwala. Palinso Medical Council of Malawi, imene imapereka ziphaso kwa madokotala ndi ma clinical officer, komanso bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba. Kudandaula kwa amene angathe kukonza vutolo kumathandiza wodwala wamawa. Kufalitsa kwa amene sangathe kuchitapo kanthu kumangowonjezera mantha m'mudzi.

Chimene tingachite ife

Gulu lophunzira silithera pa kuwerenga. Mwa ntchito zimene timaphunzira m'mabuku athu muli kuyendera anzathu m'makomo. Munthu wodwala matenda okhalitsa kawirikawiri amapita kuchipatala yekha, chifukwa achibale anazolowera matenda ake ndipo gadiyani amaoneka pokhapokha akagonekedwa. Mmodzi wa ife akhoza kumuperekeza. Usiku wake tikhoza kukhala naye ndi kulemba papepala mafunso awiri kapena atatu, popeza pamaso pa dokotala mutu umabalalika. Tikhoza kumukumbutsa kunyamula mankhwala onse m'jumbo imodzi: a kuchipatala, ogula pagolosale monga Brufen amene angawononge impso za munthu wa shuga kapena BP, ngakhalenso azitsamba, osabisa. Ngati akufuna kuonedwa ndi wina, tikhoza kumuthandiza kunena poyera ndi mwaulemu kuti, "Adokotala, zikomo chifukwa cha thandizo lanu. Mtima wanga sunakhazikike. Kodi mungandilembere kuti wina andionenso?" Ndipo akabwera kumeneko, zimene wauzidwa zibwerere kwa amene amamuona mwezi ndi mwezi, kuti pakhale munthu mmodzi wodziwa nkhani yonse. Mapemphero a machiritso tiwanene limodzi naye, kenako timukumbutse ola la piritsi. Ziwirizi sizipikisana, pakuti amene analenga mzimu ndi yemwenso analenga mankhwala.

Azakhali anga ali bwino tsopano. Amene anawathandiza tsiku lija anaika mabuku awiriwo patebulo, anawerenga onse, ndi kuwafunsa mofatsa kuti, "Amayi, chinachitika n'chiyani?" Anamvetsera mpaka azakhali atamaliza. Kenako anang'amba tsamba limodzi lija la m'bukhu latsopano ndi kulimata m'bukhu lakale. Anawafunsanso za mapazi. Mpaka lero azakhali amayenda ndi bukhu limodzi.

Mafunso okambirana

1. Kodi munabisirapo dokotala chinthu china chifukwa cha mantha kapena manyazi? N'chiyani chikadakuthandizani kunena zoona?

2. Munthu angadziwe bwanji mumtima mwake kuti akufuna choonadi, osati mawu omukomera?

3. Kodi dokotala angapereke bwanji chiyembekezo kwa wodwala matenda osachizika popanda kumunamiza? Nanga achibale akapempha dokotala kuti asauze wodwala matenda ake, tinganene chiyani?

4. Pali kusiyana kotani pakati pa kudandaula kofuna chilungamo ndi miseche? Perekani zitsanzo popanda kutchula dzina la munthu.

5. Ndani m'dera lathu amene amapita yekha kuchipatala mwezi ndi mwezi? Ndani mwa ife angamuperekeze ulendo wotsatira?